Nsengwa ndi Chikuta: Zimene Agogo Athu Ankachita Mayi Akachira

Tsiku lina madzulo, ndili pa pologalamu ya amayi pa wailesi yathu ya m'dera kuno ku Ulongwe, panalowa uthenga wa pafoni wochokera kwa mayi wina wachitsikana wa kufupi ndi malire. Anapempha kuti ndisamutchule dzina. Anati mlamu wake wa ku Joni wamutumizira kanema pa WhatsApp woonetsa amayi a kunja akudya nsengwa yawo atachira, ena ataiphika, ena ataiumitsa n'kuipera. M'kanemamo ankati umenewu ndi mwambo wakale wa makolo, ndipo umabwezeretsa magazi, umachulukitsa mkaka wa m'mawere ndi kuchotsa kukhumudwa kumene kumagwira amayi ena akabereka. Iye anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, ndipo atachira mwana woyamba anavutika ndi chizungulire kwa nthawi yaitali. Funso lake linali lakuti: kodi n'zoona kuti agogo athu ankachita zimenezi?

Sindinamuyankhe tsiku lomwelo, poti safunsa anadya phula. Ndinayamba ndayenda kwa azamba akale a ku Domwe, ku Lifidzi ndi ku Kalomwe, ndinacheza ndi anamwino a ku maternidade, ndiponso ndinawerenga zimene ndinatha kupeza. Zimene ndinamvazo ndizo ndalemba pano. Ndipepese kwa inu amayi akuluakulu, chifukwa nkhani izi kale zinkanenedwa m'nyumba chitseko chili chotseka, ndipo amuna ndi ana sankazimva. Koma foni yazitulutsa kale pabwalo, ndipo tikakhala chete ana athu aziphunzira kwa anthu osatidziwa.

Nsengwa n'chiyani

Nsengwa imamera m'chiberekero pamodzi ndi mwana. Mbali ina imamatirira kukhoma la chiberekero, ndipo mbali inayo ndi kumene kumachokera chingwe cha mchombo. Mwana ali m'mimba sapuma ndi mphuno ndiponso sadya ndi pakamwa. Mpweya ndi chakudya zimadutsa mu nsengwa kuchokera m'magazi a mayi, ndipo zoipa za m'thupi la mwana zimatuluka podzera momwemo. Pofika tsiku lochira imalemera pafupifupi theka la kilo. Mwana akabadwa ntchito yake yatha, ndipo imatuluka yokha, kawirikawiri mphindi 30 zisanakwane.

Pa Chipwitikizi amati placenta, mawu ochokera ku Chilatini otanthauza mkate wophwatalala. Makolo athu anaipatsa dzina la kadengu kakang'ono kamene timaikamo zinthu pakhomo. Kwa iwo chinali chotengera chimene mwana wabweramo.

Kumene nkhani yodya nsengwa inachokera

Aliyense amene anawetako ziweto anaonapo mbuzi kapena ng'ombe ikudya nsengwa yake ikangoswa. Galu ndi mphaka amateronso, ndipo nyama zambiri zoyamwitsa zili ndi khalidweli. Anthu ena a kunja ataona zimenezi anaganiza kuti munthu nayenso ankachita chimodzimodzi kale, kenako n'kuiwala.

Akatswiri awiri a pa yunivesite ya Nevada ku Las Vegas, Sharon Young ndi Daniel Benyshek, anafufuza ngati maganizo amenewa ali oona. M'chaka cha 2010 anatulutsa zimene anapeza atawerenga zolembedwa za miyambo ya mitundu ya anthu 179 ya padziko lonse. Sanapeze mtundu umene unali ndi mwambo woti mayi adye nsengwa yake akachira. Chimene anapeza m'mitundu yambiri ndi malamulo a katayidwe kake, ndipo njira yofala koposa inali kukwirira.

Ku China kuli mbiri yaitali yogwiritsa ntchito nsengwa ya munthu youmitsa ngati mankhwala. Sing'anga wotchuka Li Shizhen anailemba m'buku lake lalikulu la mankhwala limene linasindikizidwa cha m'ma 1590. Koma imeneyi inali mankhwala a asing'anga opatsa odwala matenda osiyanasiyana, amuna omwe, ndipo sunali mwambo wa m'chikuta.

Mchitidwe umene uli m'makanema a pafoniwu unayamba ku America cha m'ma 1970, pakati pa amayi ena amene ankakonda kuchirira kunyumba. Pambuyo pake panabuka anthu ochita nawo malonda: amatenga nsengwa, kuifutsa, kuiumitsa, kuipera n'kuiika m'makapisozi, mayi n'kulipira ndalama. Unatchuka kwambiri pamene akazi odziwika a pa kanema, monga January Jones mu 2012 ndi Kim Kardashian mu 2015, ananena poyera kuti akumwa makapisozi otere. Choncho chimene akuchitcha mwambo wa makolo chili ndi zaka pafupifupi 50 zokha, ndipo n'chocheperapo msinkhu kuposa azamba amene ndinacheza nawo.

Nanga chimathandiza? Ofufuza a ku Las Vegas omwe aja anayesa. Anagawa amayi ongochira kumene m'magulu awiri, ena n'kuwapatsa makapisozi a nsengwa, ena makapisozi a nyama wamba, popanda mayi kudziwa chimene akumwa. Zotsatira zake, zimene zinatuluka cha mu 2017, sizinaonetse kusiyana kwenikweni pa kuchuluka kwa ayironi m'magazi, pa kutopa, kapena pa kukhumudwa. Chaka chomwecho bungwe la boma la America loona za matenda, CDC, linalengeza nkhani ya khanda la ku Oregon limene linadwala matenda oopsa a m'magazi, n'kuchira, kenako n'kudwalanso patangopita masiku ochepa. Madokotala atafufuza anapeza tizilombo tomweto m'makapisozi a nsengwa amene mayi wake ankamwa. Bungwelo linalangiza amayi kuti asamamwe makapisozi otere. Kuumitsa sikupha tizilombo tonse, ndipo nsengwa ndi nyama yodzaza magazi imene imayamba kuwonongeka ikangotuluka.

M'chikuta

Azamba onse amene ndinawafunsa anayamba ndi kuseka, ena n'kugwira pakamwa. Mmodzi wa ku Domwe anandifunsa kuti, "Mwanawe, kodi tasanduka mbuzi?" Kenako anandifotokozera mmene zinkakhalira. Miyambo inkasiyana pang'ono mudzi ndi mudzi, koma msana wake unali umodzi.

Matenda akayamba, mwamuna ankachoka panyumba. Mkati munkatsala azamba, amayi ake a wodwalayo kapena apongozi, ndi amayi ena achikulire. Mwana akabadwa sankafulumira kululuta. Ankadikira nsengwa, chifukwa ankadziwa kuti mayi sanachire mpaka itatuluka. Chingwe ankadula ndi kachibale ka bango kapena ka phesi, ndipo m'zaka za pambuyo pake ndi lezala.

Nsengwa inkakwiriridwa tsiku lomwelo ndi amayi awiri kapena atatu okhulupirika. Ena ankakumba m'nyumba momwemo, ena kuseri kwa nyumba kapena kubafa, n'kutsira bwino kuti pasaoneke. Panali zifukwa ziwiri zobisira. China chinali agalu ndi nkhumba. China, chimene ankachiopa koposa, chinali munthu wa mtima woipa, poti ankakhulupirira kuti wotenga nsengwa ya mnzake angathe kumutseka kuti asadzaberekenso. Ngakhale kaikidwe kake m'dzenje kanali ndi lamulo, ndipo azamba akalakwitsa, mlandu wa kusabereka kwa mayiyo unkagwera iwo. Chinthu chosungidwa mwa mantha chotere palibe akanaganiza zochiika mumphika.

Zikatha izi mayi ndi khanda ankakhala m'chikuta mpaka mchombo utagwa, pafupifupi mlungu umodzi. Apa ndi pamene panali mankhwala enieni a makolo athu. Mayi sankapita kumunda, kudambo kapena kuchitsime, ndipo sankasinja kapena kuphika. Chinthu choyamba kulowa m'kamwa mwake chinali phala lotentha, ndipo m'masiku otsatira ankamupatsa thobwa la mawere, nsima yofewa, ndiwo zotendera, ndi nkhuku ngati banja linali nayo. M'mawa ndi madzulo ankamuthowa ndi madzi otentha, n'kumumanga nsalu pamimba. Kuno kumapiri, kumene chisanu cha Juni ndi Julaye chimalowa m'mafupa, moto sunkazima m'nyumbamo. Usiku mwana akalira panali wina womunyamula kuti mayi agoneko. Alendo sankalowa mwachisawawa, ndipo lero anamwino amavomereza kuti zimenezi zinkateteza khanda ku chifuwa ndi matenda ena.

Mchombo ukagwa ankausamala kuti usagwere pamaliseche a mwana, poopa kuti adzakhala wosabereka. Nawonso ankaukwirira pamalo odziwika kwa akuluakulu okha. Kenako ankameta khanda, kulisambitsa mankhwala, n'kulitulutsa kuti anthu alione ndi kulipatsa dzina. N'chifukwa chake mpaka lero munthu akafuna kunena kwawo kwenikweni amati ndi kumene kuli mchombo wake.

Maganizo amenewa sali a Achewa okha. Angoni a Maseko, amene anakhazikika kuzungulira phiri la Domwe cha m'ma 1870, anachokera kumwera kumene Azulu ndi Axhosa mpaka lero amagwiritsa ntchito mawu akuti inkaba, mchombo, pofunsa kwawo kwa munthu. Ku Buganda mchombo wa mfumu unkasungidwa mwaulemu ngati mapasa ake. Kutali ku New Zealand, Amaori ali ndi liwu limodzi, whenua, lotanthauza nsengwa komanso dziko, ndipo amaikwirira m'nthaka ya makolo awo.

Malire, ufulu ndi nkhondo

Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891 linadula dziko la Angoni pakati, ena n'kukhala a Nyasaland, ena a Mozambique. Chikuta sichinasinthe ndi mzere umenewo. Mayi wokwatiwa tsidya lina ankabwerera kwa amayi ake kukachira, ndipo nsengwa za ana a banja limodzi zinkagona mbali zonse ziwiri. Mishoni za Ajezuiti, ya Lifidzi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ndi ya Fonte Boa mu 1945, zinabweretsa sukulu ndi chithandizo cha odwala, koma amayi ambiri a m'midzi anapitiriza kuchirira m'manja mwa azamba nthawi yonse ya atsamunda, pamene tauni ino inkatchedwa Vila Coutinho.

Dziko litalandira ufulu pa 25 Juni 1975, boma linatenga zipatala zonse pa 24 Julaye chaka chomwecho, n'kuyamba kumanga zipatala zing'onozing'ono m'midzi. Nthawi yomweyo miyambo yambiri ya makolo inkatchedwa obscurantismo, kutanthauza za mumdima, ndipo asing'anga ndi anamkungwi ankagwira ntchito mobisa. Ntchito yomanga ija sinapite patali. Nkhondo inawononga kapena kutseketsa zipatala zing'onozing'ono mazanamazana m'dziko muno, ndipo amayi anabwerera kwa azamba, ena n'kuchirira kuthengo akuthawa.

Ife tinathawa mu 1986, ine ndili ndi zaka zisanu. Pofika kumapeto kwa nkhondo dziko la Malawi linkasunga othawa kwawo a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi, ndipo ambiri a ife a ku Angónia tinakhala m'midzi ya ku Dedza ndi ku Ntcheu pakati pa abale. Mng'ono wanga anabadwira kumeneko mu 1988, m'kanyumba kobwereka. Amayi amandiuza kuti agogo anga anakana kuti mwini mudzi awasonyeze pokwirira. Anadikira mdima, n'kupita okha ndi khasu kuseri kwa kanyumbako. Pobwera anati mwanayu adzavuta kubwerera naye kwathu, chifukwa nthaka ya eni yamulandira kale. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 tinabwerera, iye ali ndi zaka zisanu, ndipo mpaka lero pabanja pathu timamuseka kuti Mmalawi. Anakwatiwadi tsidya lomwelo. M'midzi yonse ya m'malire muno muli anthu a zaka za m'ma 30 amene mchombo wawo uli ku Malawi pamene chitupa chawo ndi cha Mozambique.

Kuchoka m'nyumba kupita ku maternidade

Nkhondo itatha, boma ndi mabungwe anaphunzitsa azamba ukhondo ndi kuwapatsa zipangizo, pofuna kuti akaona zovuta azitumiza mayi kuchipatala msanga. Katemera wa amayi apakati ndi lezala yatsopano zinachepetsa kafumbata, amene kale ankapha makanda ambiri chifukwa cha phulusa, mwaye ndi zina zimene ankapaka pamchombo. Ku Malawi boma linaletsa azamba kuchiritsa amayi mu 2007. Pulezidenti Bingu wa Mutharika anachotsa chiletsocho mu 2010, koma mu 2012 Pulezidenti Joyce Banda anaika ntchito ya uchembere wabwino m'manja mwa mafumu, motsogozedwa ndi Inkosi Kwataine ya ku Ntcheu. Midzi yambiri inaika chindapusa kwa banja limene mayi wachirira pakhomo. Zimenezi zinatikhudza nafenso, chifukwa mayi wa m'malire amapita ku chipatala chimene chili pafupi, kaya ndi cha mbali iti. Kuno kwathu kunabwera nyumba za chidikiro, zimene timazitcha casa de espera, kumene mayi wochokera kutali amakakhala masiku ake akayandikira.

Ndi kusintha kumeneku nsengwa inachoka m'manja mwa agogo. Masiku ano imaponyedwa m'dzenje lakuya lotsekedwa ndi chivindikiro kuseri kwa maternidade. Amayi ena achikulire anandiuza kuti poyamba zinkawawawa, ndipo ena ankakana kuperekeza ana awo kuchipatala chifukwa cha nkhani yomweyi. Ena anati mtima wawo unakhala pansi ataona kuti dzenjelo ndi lokhoma, ndipo palibe galu kapena munthu woipa angafikepo. Mchombo wokha ndi umene unatsala m'manja mwathu, poti umagwa mayi atabwerera kale kunyumba.

Azamba aja sanandibisire kuti kale amayi ankafa. Nsengwa ikachedwa ankauza mayi kuti auzire m'botolo, kapena kumulowetsa mthiko kukhosi kuti achite ngati akusanza, ndipo ena ankakoka chingwe. Matenda akatalika ankamukakamiza kuulula amuna amene anayenda nawo, nthawi n'kumapita. Mmodzi anandiwerengera ndi zala amayi amene anamuthera magazi m'manja, ndipo atafika chala chachinayi analeka kulankhula. Kutaya magazi ndiko kumapha amayi ochira ambiri padziko lonse, ndipo kachidutswa ka nsengwa kotsalira m'chiberekero ndi chimodzi mwa zoyambitsa zake. N'chifukwa chake namwino amabaya jakisoni wa oxytocin mwana akangobadwa, kenako amaitembenuza nsengwa ndi kuiyang'anitsitsa ngati yatuluka yonse. Kalembera wa 2017 anapeza kuti m'dziko muno amayi 452 ankamwalira pa ana 100,000 aliwonse obadwa amoyo. Kwa mayi wa ku Angónia, funso lalikulu pa nsengwa ndi lakuti yatuluka yonse kapena ayi, ndiponso ndani akumuyang'anira magazi tsiku loyamba lija.

Chimene tataya

Chipatala chapulumutsa amayi ambiri pa tsiku lochira, koma masiku otsatira tawasiya opanda mwini. Mayi amatuluka ku maternidade patapita tsiku limodzi kapena awiri, n'kukwera njinga yamoto pamsewu wa mabampu. Kunyumba amapeza mwamuna ali ku Joni kapena ku Moatize, amayi ake ali kumunda wa mbatatesi, ana akudikira nsima. Tsiku lachitatu ali kale kuchitsime ndi ndowa pamutu. Mlungu usanathe ena amakhala ali pamsika wa Lizulu ndi kabichi, khanda lili kumbuyo. Akayamba chizungulire, mkaka n'kuchepa, mtima n'kumangofuna kulira, n'zosadabwitsa kuti kanema wolonjeza mphamvu m'kapisozi amamukopa.

Zimene kanemayo akulonjeza zili ndi njira zake zodziwika. Magazi amabwerera ndi mapiritsi a sal ferroso amene amaperekedwa kusikelo, ngati mayi apitiriza kumwa atachira monga anamwino amalangizira, pamodzi ndi nyemba, khwanya, bonongwe, chisoso, usipa, mazira, chiwindi ndi nsinjiro, zonse zopezeka kuno. Mkaka umachuluka mwana akamayamwa pafupipafupi, usana ndi usiku, mayi akudya ndi kumwa mokwanira. Kukhumudwa kumachepa mayi akagona tulo ndiponso akakhala ndi womuthandiza ndi womumvetsera, ndipo kukapitirira milungu iwiri ndi matenda ofunika kuwanena kuchipatala. Magazi ochuluka, kutentha thupi, zotuluka zonunkha, mutu waukulu kapena kuona zinthu mwachimbuuzi ndi zizindikiro zothamangira kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Zambiri mwa izi agogo athu ankazichita m'chikuta popanda kudziwa dzina la ayironi. Zoipa za nthawi imeneyo, monga mthiko kukhosi, phulusa pamchombo ndi kuumiriza mayi kuulula, tazisiya ndipo zisabwerere. Koma phala lotentha, madzi othowera ndi mlungu wopuma sizinalakwe kanthu. Mafumu athu anatha kuika lamulo loti mayi azichirira kuchipatala, ndipo anthu anamvera. Angathenso kukhala pansi ndi mabanja, mipingo ndi magulu a amayi n'kugwirizana kuti mayi wongochira asatunge madzi kapena kugwira khasu mpaka atapeza mphamvu, ndi kuti pakhale womuphikira. Kumene mwamuna ali pakhomo, ntchito imeneyi ndi yakenso, ngakhale kale ankathamangitsidwa.

Patapita milungu itatu ndinawerenga yankho langa pa wailesi. Ndinamuuza mayi uja kuti agogo athu sankadya nsengwa, kuti amene anaiyesa sanapeze phindu lake, ndi kuti pali khanda limene linadwala nayo. Ndinamupempha kuti apite kuchidikiro nthawi ikadalipo, ndipo asanapite akambirane ndi abale ake za amene adzamusamale akabwerako. Mwezi wotsatira anatumizanso uthenga. Anachira bwino mwana wamkazi. Amayi ake aang'ono anabwera kuchokera tsidya la Ntcheu n'kukhala naye milungu iwiri, akumuphikira phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi kumuthowa m'mawa uliwonse. Mchombo unagwa tsiku lachisanu ndi chimodzi, ndipo anaukwirira patsinde pa mtengo wa mapichesi umene uli kuseri kwa nyumba yawo.